Msonkho wa Madenga

Pa anthu onse amene tinabwerera ku Malowera nkhondo itatha, wanzeru kwambiri ndinali ine. Musandifunse amene anandiuza. Ndinadziuza ndekha, ndipo palibe anatsutsa chifukwa cholembera chinali m'thumba langa. Dzina langa ndine Inocêncio. Ku kampu ya othawa nkhondo ya Ukwimi, ku Zambia, ndinkalemba mayina pa mzere wa ufa ndi nyemba, ndiye titafika kwathu anthu anangoti popeza dzanja linazolowera, ndikhale mlembi wa komiti yomanganso mudzi. Komitiyo tinkaitcha komisau kuti izimveka ngati ya boma, ndipo tinasema chidindo chake pa chidutswa cha tayala.

Mkulu wanga Zeferino sanabwerere nafe. Tinamusiya ku Ukwimi komweko, pansi pa mulu wa miyala, kutatsala miyezi itatu kuti magalimoto ayambe kutinyamula. Chimene chinabwera m'malo mwake ndi malata asanu ndi atatu. Anawagula limodzilimodzi kwa zaka zisanu ndi ndalama za mpendadzuwa ndi mtedza, ndipo lililonse analilemba dzina lake kunsi ndi penti yofiira kuti lisasochere panjira. Ankauza mkazi wake, alamu anga a Hermínia, kuti tsiku lina adzagona kwawo n'kumamva mvula ikulira pa malata ngati mmene amachitira anthu enieni. Tsiku lonyamuka, woyendetsa galimoto anati katundu wawo wachuluka. A Hermínia anatsitsa mpando, mtondo ndi thumba la chimanga, n'kukhala pamwamba pa malata awo ulendo wonse. Nyumba imene tinawamangira inali ya chipinda chimodzi, chifukwa malata asanu ndi atatu safika patali. Chuma chawo china chinali nkhuku zitatu ndi khasu lolandira.

Sukulu yathu tinaipeza ili chiimire, makoma okhaokha, denga litapita ndi nkhondo. Pakati pa chipinda panamera mtengo wa mpoza wotalika kundiposa. Ku ofesi ya boma anatiuza kuti mphunzitsi alipo, dzina lake Silvano, koma sangamutumize kukaphunzitsa pamtetete. Denga likapanda kukhalapo mvula isanayambe, apita naye kwina. Pankafunika malata makumi atatu ndi awiri, ndipo komisau yathu inali ndi chidindo basi.

Tinaitanitsa msonkhano m'makoma omwewo, dzuwa likuswa mtengo. Oyamba kuimirira anali a Eliseu, eni wailesi yokhayo m'mudzi. Popeza ankamvera nkhani za ku Maputo tsiku ndi tsiku, ankalankhula ngati adakhalako, chonsecho kutali kumene anafika ndi ku Fíngoè, katauni ka m'dera lathu lomwelo.

"Abale, tisadzivutitse," anatero a Eliseu. "Tikongole. Ngakhale guvernu, boma lenilenilo, imakongola kwa azungu, ndipo simunamvepo kuti guvernu yamangidwa. Tifolere shikola lero, tizibweza tikakolola. Zotsala adzamaliza ana omwewa akadzakula, si ndiwo aphunziremo?"

Amuna anagwedeza mitu. Kukongola kumakoma m'khutu, makamaka wobweza akakhala kuti pakali pano akusewera ndi dothi. Apa ndinaimirira ine, n'kukonza kolala ya shati yanga ya ku kampu.

"Ana amenewa anabadwira m'tenti," ndinatero. "Ndiye tiwalandire kwawo ndi ngongole? Ayi. M'mudzi muno alipo amene ali nazo. Amene ali ndi zambiri apereke zambiri, amene ali ndi zochepa apereke zochepa. Umenewo ndiye msonkho wa chilungamo."

Mawu amenewa ndinawatola pa wailesi ya a Eliseu yomweyo, koma ndinawanena ngati ndawabereka ndekha. Amayi anaomba m'manja. 

A Eliseu anafunsa kuti wolemerayo timudziwa bwanji. Funsolo linali labwino, ndiyenera kuvomereza. Ng'ombe za kwathu zikamva kuti kukubwera kalembera zimawoloka mtsinje kukachezera achibale. Golide amakhala m'kabotolo ka jekeseni kokwirira pansi pa nkhokwe. Munthu ukamufunsa za chuma chake amayamba kutsokomola n'kukuuza za maliro a azakhali ake. Tinakangana mpaka mithunzi inatembenuka, wina akuti tiwerenge mbuzi, wina akuti tiwerenge akazi. Kenako nzeru inanditsikira.

"Ng'ombe imathawa, golide amabisika," ndinatero. "Koma denga silingathawe. Nyumba ya udzu ipereke mitengo ndi masiku awiri a ntchito. Nyumba ya malata ipereke lata limodzi pa anayi aliwonse."

Nyumba za malata zinalipo zinayi. Ya a Ambrósio inali ndi malata makumi asanu ndi limodzi, kenako ya a Eliseu, ya a Lourenço akalipentala, ndi kanyumba ka a Hermínia. Nditawerengetsa pansi ndi kamtengo, zinakwana ndendende makumi atatu ndi awiri. Ndinaona ngati Mulungu yemwe wasainira.

Maso onse anapita kwa a Ambrósio. Munthu ameneyu tinakulira limodzi, tinathawa limodzi, tinaima pa mzere umodzi wa ufa. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinabwerera ndi mapoto, iwo anabwerera ndi kasikelo koyezera golide. Ankagula kwa okumba a ku Fíngoè n'kukagulitsa kumene amadziwa okha, ndipo chaka chisanathe anali ndi kantina, ngolo ndi mimba. Tonse tinkadikira kuti akalipe. Iwo anachotsa kamtengo kamene ankatokosera m'mano, n'kumwetulira.

"Ine ndagwirizana ndi a sekeretaliyu," anatero, akundiloza ndi kamtengoko. "Amene ali nazo apereke. Koma lei, lamulo limeneli, ilembedwe, idindidwe, kuti mawa wina asadzati ndimatanthauza zakutizakuti. Ndipo tsiku lowerenga madenga lidziwike."

Munthu wanzeru akanamva fungo pomwepo. Ine ndinamva kukoma kokha. Ndinalemba ndi zilembo zanga zopendekera kuti msonkho ukhudza nyumba iliyonse yopezeka ndi denga la malata pa tsiku lowerenga, Loweruka la sabata yotsatira. Ndinadinda mwamphamvu mpaka inki inadutsa kuseri.

M'mawa mwake ndikupopa njinga yanga, a Hermínia anaima pabwalo ndi ndowa ya madzi pamutu. Sanaitule.

"Alamu, ndamva kuti ndalemera."

"Si choncho, alamu. Kwa inu ndi awiri okha. A Ambrósio achotsa khumi ndi asanu."

"A Ambrósio akachotsa khumi ndi asanu, chimene ataye ndi khonde. Ine ndikachotsa awiri ndiziona kumwamba ndili pa mphasa."

Ndinawalonjeza kuti ndikauza komisau kuti amayi amasiye tisawakhudze. Lonjezo limenelo ndinalinyamula masiku atatu osalitula. Ndinkaopa kuti anthu anganene kuti a sekeretaliyu lamulo lawo lafika pakhomo pawo ndiye ayamba kulipinda. Mbiri yanga ya chilungamo inali ndi tsiku limodzi lokha chibadwire, ndipo ndinkailera ngati khanda.

Tsiku lachitatu mudzi unadzuka ndi phokoso la hamala. Ndinathamangira kumene linkachokera, n'kupeza amuna anayi ali padenga la a Ambrósio, akuzula misomali dzuwa likuwala, mopanda ndi manyazi omwe. Mwini nyumba anali pampando pansi pa mtengo, atamanga kansalu konyowa kumutu.

"Mutu, m'bale wanga," anandiuza ndi mawu a munthu wodwala. "A enferimeru a kuchipatala andiuza kuti kutentha kwa malata kukundiphika ubongo. Akuti ndikafuna moyo ndibwerere ku udzu wa makolo."

Udzu wa makolowo anaugula kwa amayi omwe aja anandiombera m'manja, mtolo umodzi kapu ya mchere, mitolo itatu chidutswa cha sopo. Mawa lake a Eliseu anatulukira kuti malata amasokoneza wailesi, mawu a ku Maputo samveka bwino. A Lourenço sanavutike n'kupeka chifukwa, anangokwera n'kuzula, ndipo pa atatuwo ndi okhawo amene ndimawapatsabe moni ndi mtima umodzi. Malata onsewo anakwera ngolo masanasana kupita kumunda kwa a Ambrósio, kumene anawafunditsa mapesi. Mudzi wonse unaona, ndipo utafunsidwa unali usanaone kanthu.

Ndinapita kukakalipa ndi pepala langa m'manja. A Ambrósio anandipempha kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga mpaka pa mawu akuti pa tsiku lowerenga, ndipo anandiimitsa pomwepo.

"Lero ndi Lachinayi, a sekeretaliyu. Mwalemba ndinu, mwadinda ndinu. Ine sukulu sindinapite patali, ndimangomvera lei."

Ndinatuluka pamenepo makutu akutentha. M'malo mopita kukaitanitsa msonkhano, ndinapita kwa a Hermínia chozemba, kudzera kuseri kwa makola. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Ndinawanong'oneza kuti nawonso atsitse malata awo, ndiwathandiza ndine, tikawabise kwa sabata imodzi yokha. 

"Mvula sinagwepo pa malata amenewa kuno kwathu," anatero. "Akulu anu anawagula kuti akhale pamwamba, osati m'mapesi ngati mbuzi yakuba. Lei mwalemba ndinu, ndiye mwabwera kudzandiphunzitsa kuithawa? Ngati ndi yoipa, kaing'ambeni. Ngati ndi yabwino, bwerani nayo Loweruka."

Kuing'amba sindikanatha. Anthu anali atandiombera m'manja, ndipo munthu amene waomberedwa m'manja kamodzi amakhala ngati wamwa kachasu wa m'botolo loyamba. Ndinadziuza kuti malata awiri si imfa.

Loweruka tinayenda mudzi wonse, amuna asanu a komisau, ine patsogolo ndi kope. A Ambrósio anatiperekeza ndi ambulera, akuti kuti atithandize kuona bwino. Tinaima pa nyumba iliyonse n'kuyang'ana kumwamba ngati sitinaionepo. Pa nyumba yawo yaikulu ija, yofoleredwa udzu watsopano wonunkhira, ndinalemba kuti ya udzu, ipereke mitengo ndi masiku awiri a ntchito. Ntchitoyo anadzatumiza m'busa wa ng'ombe zawo. Pa nyumba makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, ya malata inapezeka imodzi. Munthu wolemera kwambiri m'mudzi mwathu, malinga ndi kope langa ndi chidindo cha tayala, anali mayi wamasiye wa nkhuku zitatu.

A Eliseu anawerenga malata a a Hermínia kawiri, kuopa kuti tingawabere. Palibe amene ankafuna kukwera, ndiye ndinakwera ndine, poganiza kuti ndizula mosamala kuposa wina aliyense. Makwerero atayamba kugwedera, ndinamva wina akuwagwira pansi. Anali a Hermínia.

"Zulani bwinobwino, a sekeretaliyu," anatero. "Mungagwe, boma lingasowe munthu."

Kuyambira tsiku limene anakwatiwa ndi mkulu wanga ankanditchula alamu. Limenelo linali tsiku loyamba kunditchula dzina la udindo, ndipo linandilowa ngati minga ya m'phazi. Nditatembenuza lata loyamba ndinakumana ndi dzina la Zeferino, lofiira, m'zilembo zake zonenepa zija. Ndinalipereka pansi chadodolido kuti ndisalione.

Tsono malata awiri safolera sukulu. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumpoto, ndipo komisau inagwira njakata. A Eliseu anaimirira ndi nkhope ya munthu amene ananena kale.

"Msonkho wa a sekeretaliyu tauona," anatero. "Wabala malata awiri. Tsopano tichite zimene imachita guvernu."

Mwamwayi waukulu, a Ambrósio anali ndi mnzawo ku Tete amene anali ndi malata makumi atatu ongokhala. Mnzawoyo analibe dzina, koma anali ndi mtima wabwino. Anati tibweze ndi chimanga tikakolola, nyumba iliyonse gawo lake, ndipo pamwamba pa malata asanu aliwonse tiwonjezere limodzi la juru, ndiko kuti chiwongoladzanja. Malatawo anafika mawa lake lomwe kuchokera ku Tete, pa ngolo ya a Ambrósio, kudzera njira ya kumunda kwawo. Anali ndi mabowo a misomali, ndipo ena anali ndi mapesi ndi dothi la chiswe. Lina ndinalizindikira, chifukwa linali lopindika pamene mango anagwera chaka chomwecho ndili pakhonde pawo. Anthu anaimba nyimbo yothokoza. Pepala la ngongole ndinalemba ndine, ndi zilembo zopendekera zomwe zija.

Motero munthu amene ankayenera kupereka malata khumi ndi asanu ulere anatibwereka makumi atatu, ife n'kumuvinira. Sukulu inafoleredwa, a Silvano anabwera ndi sutukesi yawo ndi bokosi la choko, ana anayamba kuimba zilembo. Malata awiri a Zeferino anathera pangodya ya kumbuyo, ndipo pa denga lonselo ndi okhawo amene sankadontha.

Pamene panachoka malata awiri paja, a Hermínia anatsekapo ndi tenti ya buluu ya ku kampu. Tenti imeneyo analumbira tsiku lonyamuka ku Ukwimi kuti sadzagonanso pansi pake, anangoitenga kuti aziyanikira ufa. Ndikamadutsa ndinkaiona ikukupiza ndi mphepo, ndipo ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo ngakhale inali yaitali.

Mvula ya chaka chimenecho inatinyoza. Inagwa katatu mu Disembala, chimanga chinamera n'kufika m'mawondo, kenako kumwamba kunangoti mbee mpaka Malichi. Tinakolola zitsononkho. Pofika Meyi anthu anali atayamba kale kukumba mizu ndi kupita ku migodi ya golide kukasinthanitsa thukuta ndi ufa, ndipo ufawo ankagulitsa a Ambrósio.

Msonkhano wachiwiri tinachitira m'sukulu, pansi pa denga la ngongole. A Ambrósio anaimirira atavala nsapato zatsopano, n'kunena kuti mnzawo wa ku Tete wakwiya kwambiri, akufuna malata ake. Anthu anazizidwa. A Ambrósio anadikira kaye kuti kuzizirako kufike m'mafupa, kenako anatambasula manja.

"Koma ine ndamuuza kuti sindingalole ana a m'mudzi mwanga aphunzire padzuwa. Chimanga adikira mpaka chaka chamawa. Chimene akufuna lero ndi juru yokha, malata asanu ndi limodzi. Akuti malata enieni, osati mawu."

Anthu anawaomberanso m'manja a Ambrósio. Anthu a kwathu manja awo sachedwa kuyabwa.

Ndiye mkangano uja unayambiranso pamene unayambira. A Eliseu anati njira ndi yapafupi, tikongolenso malata asanu ndi limodzi kwa a Ambrósio kuti tilipire mnzawo wa a Ambrósio, mayiko akuluakulu amatero. Ngakhale ogontha anaona kuti pamenepo pali dzenje. Kumbuyo kunaimirira a Beatriz, mayi wa ana asanu ndi awiri amene mwana wawo wamng'ono anali atayamba kutupa mapazi.

"Ngongole ina ayi," anatero. "Ine ndilibe ngakhale chitsononkho. A sekeretaliyu anatiphunzitsa kuti amene ali nazo apereke. Lei ilipo. Ikwezeni."

A Beatriz sindiwada. Njala inali itawatsekera maso, ndipo mwina sanaganize kuti lei imeneyo ili ndi khomo limodzi lokha lofikira. Koma a Ambrósio anaganiza. Anaimirira msangamsanga n'kulankhula za chilungamo mokoma kuposa mmene ndinalankhulira ine. Anati pa nthawi ya njala sikoyenera kufinya amphawi a nyumba za udzu ngati iwowo. Anati amene akugona pansi pa malata pamene anzawo akugona pansi pa udzu aonetse chikondi. Anapempha kuti msonkho wa nyumba za malata ukwere kuchoka pa limodzi mwa anayi kufika pa onse otsala, kwa chaka chino chokha.

Munthu aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti malata otsala m'mudzi ndi asanu ndi limodzi, ndipo ankadziwa pamene ali. Palibe anatchula dzina. Ankangoti nyumba za malata, ngati zilipo zambirimbiri.

"Abale," ndinatero ine, mawu akutuluka ang'onoang'ono, "cholinga cha lamuloli sichinali chimenechi."

"Cholinga sichili pa pepala, a sekeretaliyu," anayankha a Ambrósio. "Kapena mukufuna kunena kuti lei imagwira ena, koma ikafika pa achibale anu imapuma?"

Ndinakhala pansi. Apa ndinene chinthu chimene sindinauzepo munthu. Njinga yanga inali panja, yotsamira khoma, ndipo mtengo wake unkakwana malata asanu ndi limodzi n'kutsalako. Ndinaiganizira. Ndinaiona m'maso mwanga ikukankhidwa kupita ku kantina. Kenako ndinadzifunsa kuti mlembi wa komisau angapite bwanji ku ofesi ya boma wapansi ngati munthu wamba, ndipo funso lopusa limenelo linandikwanira.

A Eliseu, amene ankatsogolera msonkhano, anafunsa ngati a nyumba za malata ali ndi mawu. A Hermínia anali atakhala pangodya ya kumbuyo. Sanaimirire. Anayang'ana nsapato za a Ambrósio, kenako anayang'ana ine.

"Ndilankhule chiyani ine wolemera pakati pa amphawi ochuluka chonchi?" anatero. "Voterani."

Manja anakwera. Ena anakwera mofulumira, ena mwamanyazi mpaka m'khutu mokha, koma anakwera. Amene anakana anali anayi, mmodzi mwa iwo a Lourenço, amene sanayang'ane munthu kumaso. Langa silinakwere uku kapena uku, chifukwa linali ndi cholembera. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi mfundo imeneyi, ngati kuti amene walemba ndi kudinda ndi wosalakwa kuposa amene wakweza dzanja.

Lolemba anyamata a ngolo a a Ambrósio anakazula malata asanu ndi limodzi aja. Sanapite ku Tete. Anathera pa khonde latsopano la kantina, moti aliyense wopita kukagula mchere akakweza maso ankawerenga dzina la mkulu wanga kasanu ndi kamodzi. Mwezi wotsatira komisau inaona kuti m'mudzi mulibenso nyumba ya malata, ndiye lamulo lopanda womukhudza ndi longodetsa kope. Tinalifafaniza mogwirizana. Sabata yomweyo galimoto inatsitsa malata atsopano onyezimira pakhomo pa a Ambrósio. Mutu wawo uja unali utapola, ndipo wailesi ya a Eliseu nayo inapezeka kuti yazolowera malata. Chimanga cha ngongole tinabweza zaka zitatu, nyumba iliyonse, kuphatikizapo ya a Hermínia, imene tsopano inali ya udzu ngati zinzake.

Udzu umenewo ndinamweta ndine, n'kufolera ndi manja anga masiku anayi, osapempha munthu kundithandiza. Ndinkaganiza kuti pomaliza adzanditchula alamu, ngakhale mokalipa. Nditatsika tsiku lomaliza ndinawapeza ataima ndi nkhuku yomanga miyendo.

"Malipiro anu, a sekeretaliyu."

"Alamu, ine sindine waganyu. Ndine m'bale wa amuna anu."

"Tengani. Sindifuna kukhala ndi ngongole ndi boma, ndaona mmene imathera."

Ndinaitenga, chifukwa anaisiya pamapazi panga n'kulowa m'nyumba. Nkhuku imeneyo sindinaidye, ndipo sindinathe kuibweza. Inakhala pakhomo panga ikundiyang'ana mpaka inafa ndi ukalamba.

Mvula yeniyeni inabwera mu Novembala, masana a Lachiwiri. Inandipeza kusukulu, nditabweretsa choko cha a Silvano kuchokera ku ofesi. Inayamba ndi madontho akuluakulu, kenako inakhuthuka mpaka mphunzitsi anasiya kulankhula chifukwa sankamveka. Ana anayamba kukoka mabenchi kuthawa mabowo a malata a mnzawo wa a Ambrósio. Pakati pa chipwirikiti chimenecho chitseko chinatseguka, ndipo analowa a Hermínia, atanyowa mpaka chitenje kumamatira m'miyendo. Sanapereke moni. Anadutsa pakati pa ana mpaka pangodya ya kumbuyo, n'kukhala pansi, msana kukhoma, pansi pa malata awiri aja.

A Silvano anawayandikira n'kuwerama. "Mayi, kodi kwagwanji? Mukufuna mwana wina?"

"Pitirizani ntchito yanu, a pulofesolo," anatero. "Ndabwera kudzamva mvula yanga."

Anatseka maso. Ana ena anayang'ana kudenga kumene mayiyo analozetsa nkhope, milomo yawo ikuyenda pang'onopang'ono powerenga dzina lofiira lija. Ine ndinaima pakhomo ndi bokosi la choko, ndipo manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sanandisiye mpaka lero. Kuyambira pamenepo, mvula ikagwa masana a Hermínia ankabwera, ndipo ana anazolowera kusiya ngodya imeneyo yopanda benchi.

Itakata tsiku loyambalo, anadzuka n'kufinya chitenje chawo pakhomo. Njira inali matope okhaokha. Ndinakankha njinga yanga mpaka pamene anaima.

"Alamu, kwerani ndikuperekezeni."

Anaiyang'ana njingayo kuyambira ku hendulo mpaka ku tayala la kumbuyo, mosafulumira, ngati munthu amene akuiika mtengo. Ndinadziwa pomwepo kuti masamu amene ndinachita mumtima tsiku la msonkhano lija, iwonso anawachita.

"Isungeni bwino, a sekeretaliyu," anatero. "Inadula."

Anatsika m'matope wapansi. Ndinawatsatira pambuyo ndikukankha njingayo mpaka pakhomo pawo, ndipo sanacheuke.